Makoko a Nachesi pa Tebulo la Pulofesa Namgung

Pulofesa Namgung ataika choko pansi, mlandu wa pulaneti la Da-som unali utagamulidwa. Pabolodi anali atalemba kuwala kumene pulanetilo limalandira kuchokera ku nyenyezi yake, nachotsapo kumene mitambo imabweza. Yankho linati kumeneko kumatentha kuposa madzi owira.

"Ndi ng'anjo imeneyo," anatero mkuluyo. "Tikadya, ndilichotsa pa kafukufuku wathu. Makina oonera nyenyezi tiwalozetse kwina."

Da-som, wamng'ono pa ophunzira onse, analiona vuto. Aphunzitsi anaiwala kugawa kuwalako panayi. Pulaneti limalandira kuwala ngati mbale yoyang'ana nyenyezi, koma kutenthako kumafalikira thupi lonse, pakuti ndi lobulungira, ndipo khungu lake ndi lofanana ndi mbale zinayi zoterozo. Komatu m'chipinda chimenecho wamng'ono sadzudzula mkulu pagulu.

"Pepa mlongo, Edeni wako wapsa," ananong'ona Tae-gyu, wamkulu wa ophunzirawo. "Ukauze akwaya anzako apempherere mvula."

"Achimwene, mzere wachitatuwo pabolodipo simukuonapo kanthu?"

"Chimene ndikuona ine n'chakuti ndikufuna kumaliza sukulu."

Da-som sanatekeseke. Kumapemphero a m'mawa anali atapempha lilime lofatsa, ndipo m'chikwama anali ndi manachesi amene amayi ake anatumiza kuchokera kwawo ku chilumba cha Jeju. Kusendera mkulu chipatso ndi ntchito ya wamng'ono, palibe angadabwe nazo.

Atatha kudya mpunga, anayala pepala pamaso pa pulofesa, nasankha nachesi wobulungira bwino. Anamuzunguliza ndi pensulo m'malo anayi, kenaka n'kuyamba kusenda. Makoko ankawabenthula tizidutswa n'kumayala m'mizere yozungulira ija. Malo oyamba anadzaza, achiwiri, achitatu. Kachidutswa komaliza kanatseka achinayi.

"Mwanayu akusewera ndi chakudya," anatero Tae-gyu.

Da-som anapereka nachesi uja ndi manja awiri, atawerama.

Pulofesa anatafuna pang'onopang'ono, maso ali papepala. Anayang'ana bolodi, nayang'ananso makoko. Kenaka anapukuta zala, nanyamuka, nakalemba nambala imene inasowa. Choko chinatsika mzere ndi mzere, ndipo ng'anjo ija inazirala mpaka kufanana ndi m'mawa wa nyengo imene mitengo imaphuka.

"Da-som, kutchalitchi kwanu mumabatiza ndi madzi otani?"

"Alionse, aphunzitsi, bola asawire."

"Ndiye kumeneko m'busa wanu angagwire ntchito. Pulanetili likhala." Mkuluyo anaseka pang'ono, naloza pepala. "Mayi ako uwauze kuti manachesi awo ndi owawasa, koma ndi abwino."

Mumtima mwa Da-som munayamba nyimbo yoyamika Iye amene anapatsa nyenyezi iliyonse malo ake.

"Usakondwe msanga," anatero pulofesa, akumutambasulira choko. "Za mpweya wake sitinawerengere. Mpweya ndi bulangete, ungalitenthetsenso. Mzere umenewo ulembe ndiwe."

Da-som analandira chokocho ndi manja awiri, zala zikununkhirabe nachesi.