Kandulo ya Perla

"Dzina limenelo ayi," adatero Tirza, dzira lowiritsa lili m'manja. "Ine ndili moyo, ayi."

Padali patangopita masiku ochepa chiikireni m'manda mayi ake, a Hinda. M'nyumba ya malemu mumzinda wa Haifa magalasi onse adali ophimba ndi nsalu, ndipo Tirza ndi mlongo wake Dov adakhala pa timipando tatifupi, malaya ong'ambika pachifuwa monga achitira anamfedwa. Opepesa adali atangotuluka, kusiya makeke oti ngakhale sukulu yathunthu singawamalize.

Noga, mwana wa Dov, adakhala pafupi ndi khomo akuyamwitsa. Khandalo lidabadwa sabata yomwe agogo adatsikira kuli chete, ndipo pa Sabata dzina lake limayenera kulengezedwa m'sunagoge.

"Azakhali, mwanayu ndi Perla," adatero Noga mosakweza mawu.

"Iwe Dov, ukumumva mwana wakoyu? Kapena makutu wasiya kumanda?"

"Achemwali, ine ndili pa maliro," adayankha Dov, nkutola keke ina. Munthuyu chibadwire mkangano amauzemba ngati ukali wa agalu a eni.

Pakati pa Ayuda a kwawo kwa a Hinda, ku Polandi, mwana sapatsidwa dzina la m'bale amene ali moyo. Dzina limadikira mwini wake amwalire. Apa mpamene padagona nkhani.

Perla adali mng'ono wa a Hinda. Nthawi ya nkhondo, asilikali a Nazi atatsekera Ayuda a m'tauni yawo kuseri kwa waya, Hinda, mtsikana wongosinkhuka kumene, adakankhira kamng'ono kakeko pansi pa wayayo, m'manja mwa mayi wina wogulitsa mkaka. Posakhalitsa banja lonse lidakwezedwa sitima. Bambo, mayi ndi alongo atatu adaphedwa tsiku lomwe adafika ku ndende ina yophera anthu. Hinda adatulukako yekha, ndi nambala pamkono. Adabwerera kukafuna mayi wamkaka uja, koma adapeza phulusa lokhalokha.

Chaka chilichonse, pa tsiku lomwe sitima ija idafika, a Hinda ankayatsa pazenera la kukhitchini makandulo okumbukira akufa, aja a m'matambula aang'ono. Ankayatsa asanu. Wina akafunsa za kandulo yachisanu ndi chimodzi, ya Perla, ankamuyang'ana mpaka wofunsayo atapepesa. Mtembo wa Perla adauona ndani? Motero m'banjamo mudabadwa atsikana, mudabadwa zidzukulu, koma dzinalo palibe adalikhudza.

"Moyo wawo wonse amayi akudikira," adatero Tirza. "Ine ndakula ndikuwaona atamatira pa wailesi, akumvera mayina a osowa, chakudya chikupserera pamoto. Munthu akagogoda usana, iwo nkhope kuyera. Ndiye lero sanazizire nkomwe m'manda, iwe ukaimirire pagulu nkunena kuti mng'ono wawo anafa? Zimenezo ndi kuwalavulira."

"Agogo anandiuza okha," adatero Noga.

"Anakuuza chiyani?"

"Kuchipatala kuja. Anagwira mimba yanga nkunena kuti, 'Perla, wachedwa bwanji!'"

Tirza adaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndi mankhwala aja? Tsiku lomwelo amayi anamutcha Dov dokotala."

"Ndipo ndinasangalala," adatero Dov. "Aka kanali koyamba kundilemekeza."

Palibe adaseka. Dov adapukuta nyenyeswa pandevu nkuyesa njira ina. "Bwanji tingomutcha Hinda basi? Mwambo ndi umenewo, aliyense agone tulo."

"Hinda likhala lachiwiri, ababa. Loyamba ndi Perla."

"Ukatero," adatero Tirza, "ine kusunagogeko sindipondako, ndipo mwanayo sindidzamuitana."

Noga adaweramitsa mutu, misozi nkugwera pa kansalu ka mwana. Azakhali akewa ndiwo adamulera mayi ake atamwalira. Kutcha mwana dzina loti iwo sadzalitchula kudamuwawa koposa maliro amene.

Tirza adadzuka, maondo akulira, nkulowa kukhitchini.

"Wamfedwa sagwira ntchito!" adakuwa Dov.

"Wamfedwa samalizanso makeke a alendo!"

Kunena zoona, Tirza sikuti adali wouma mtima. Adali wotopa. Iyeyo ndiye ankawagulira amayi zonse chiyambireni kuvuta kwa miyendo, ndiye ankawasambitsa, ndiye ankatukwanidwa msuzi ukachepa mchere. Ndipo pansi pa mtima ankasunga kanthu komwe sadauzepo munthu: ali mwana ankachita nsanje ndi Perla, mtsikana wosaoneka amene amayi ankamukonda kuposa ana omwe adali nawo patebulo. Adalondera dzinalo zaka zonsezi ngati galu wolondera nyumba yomwe salowamo. Tsopano Noga angolitenga chabe?

Adatsegula kabati kufuna tambula ya tiyi. Mudali modzaza timatambula ta makandulo a zaka zambiri, totsukidwa bwinobwino, poti a Hinda sankataya kanthu. Alendo onse a m'nyumbamo adamwerapo tiyi m'matambula a akufa osadziwa. Kukhitchiniko kudali kotentha, choncho Tirza adakoka katani kuti atsegule zenera.

Makandulo a chaka chino adali pomwepo, atapsa mpaka pansi. Amayi adagonekedwa m'chipatala asadawatsuke. Asanu adali aja oyera omwe Tirza adagula yekha kumsika waukulu, monga mwa nthawi zonse. Pambali pake padali ina, ya tambula yobiriwira, yotalikirapo, kapepala ka mtengo kakadali pomwepo. Zoterezi amagulitsa pa kagolosale ka pansi pa nyumbayo pokha, kamene a Hinda ankati mwini wake ndi mbala yovala chipewa.

Tirza adawerenga kawiri, chala chikuloza. Kenako adaitana mokweza.

"Dov!"

Dov adabwera akuthamanga, Noga pambuyo ndi mwana.

"Iwe unawagulira kandulo amayi?"

"Ine? Ndi liti anandituma kanthu osandibweza nako?"

"Noga?"

Noga adapukusa mutu. "Ine ndinabwera sabata yoyatsa makandulo ija kudzawauza kuti adokotala aona kuti ndi mtsikana. Anangondifunsa ngati ndadya."

Onse atatu adayang'ana tambula yobiriwirayo. Nyumba ya a Hinda idali pamwamba penipeni, yopanda chikepe, ndipo mayiyo adali atatha chaka osatsika masitepe amenewo popanda womugwira.

"Anatsika okha," adatero Dov. "Ndi miyendo ija. Nkukagula kwa mbala ija."

"Pa mtengo umenewu," adatero Tirza, nkuseka, kuseka kuja nkusanduka kulira. Adalira kulira komwe kudamukanika kumanda. "Bwanji osandituma ine? Ndikanawagulira!"

"Mukanawafunsa mafunso, azakhali."

"Ndikanawafunsa, inde! Ndikanakangana nawo mpaka mawa!"

Adamvetsa tsopano. Kuti mwanayu alandire dzinalo, padafunika wina avomere kuti mwini wake adapita, ndipo amayi sadafune kusiyira wina aliyense katundu ameneyo. Iwo ndiwo adamukankhira pansi pa waya, iwo ndiwo adamuyatsira kandulo, okha, chitseko chotseka.

Tirza adapukuta m'maso ndi malaya ong'ambika aja. Adatenga tambula yobiriwirayo, nkuithira madzi otentha, nkukolopola phula lotsalira ndi kasupuni monga ankachitira amayi. Ataipukuta adaiika m'kabati pamodzi ndi zinzake, kutsogolo.

"Bwera naye kuno," adatero. "Wamugwira ngati thumba la anyezi."

Noga adampatsa mwanayo. Kadali kopepuka, katsitsi konyowa ndi thukuta, kankhonya katafumbata. Tirza adakayang'ana nthawi yaitali, kenako adakweza chala nkukaloza pamphuno, ndi liwu lija la a Hinda lokalipira munthu wofika chakudya chitazizira.

"Perla," adatero, "wachedwa bwanji!"