Alendo a M'kabotolo

Mpunga umene Idesi ankalima kudambo la ku Nathenje unali wa malemu mayi ake. Idesiyo anabwera nawo kuchokera ku Mitundu m'chitini cha mkaka chaka chimene anakwatiwa ndi Mavuto, ndipo ukamakhwima, fungo lake linkamubwezera pakhonde la kwawo. Koma zaka ziwiri zotsatizana chiwawu chinaugwira. Masamba ankachita madontho ngati maso a nsomba, ngala n'kuuma pakhosi. Mbewu inatsala beseni limodzi, ndipo Idesi ankadziwa kuti ikapita imeneyo, waika mayi ake kachiwiri.

Tsiku lina mlangizi wa zaulimi, a Abednego, anamupatsa kabotolo ka madzi otuwa.

"Muli tizilombo umu mayi, koma tabwino, ta m'nthaka," anatero. "Timakhala kumizu n'kumalimbana ndi chiwawu. Muthire m'madzi abwino, munyikemo mbewu musanafese."

Idesi anakaunika kabotoloko padzuwa, osaona kanthu. Komabe anatikonda tizilomboto. Ulendo wonse wobwerera ankatiganizira ngati alendo ochokera kutali, titasenza timitolo, tikufunsana njira ya kumizu.

Tsono Idesi ukhondo wake unali wodziwika mudzi wonse. Chiyambire chaka cha kolera chija, kwa iye madzi abwino anali amodzi basi: othira kolorini. Nanga mlendo n'kumulandira ndi madzi a pachithaphwi? Anathira kolorini, n'kuwonjezerako pang'ono mwaulemu, kenako alendo aja, kenako mbewu.

Mavuto, munthu wosataya ngakhale chingwe choduka, anatola kabotolo kaja, n'kukatsukuluza ndi madzi a m'dambo. M'madzi otsukuluzirawo ananyikamo mpunga wodzaza dzanja umene unatayikira pansi popeta.

"Abambo a kuno, uve umenewo mukafese kutali ndi wanga," anatero Idesi.

Mavuto anakafesa kuseri kwa chulu.

Mpunga unamera, unakula. Masana Idesi ankakhala pamzere wa munda, tulo tikumubera, mphepo ikugoneka masamba n'kuwadzutsanso. Ankaona ngati pansi pa mapazi ake pali mudzi wina, alendo ake akusesa mizu, mayi ake akuyenda pakati pawo ndi lichero. Ankadzidzimuka akumwetulira.

Mwezi wa Malichi madontho aja anabwera. Pasanathe masabata atatu munda unali ngati wapsa ndi moto.

A Abednego anafika, anafunsa mmene ananyikira, ndipo atamva anavula chipewa.

"Kulakwa n'kwanga mayi, sindinamasule mawu. Kolorini sasankha. Amapha toipa ndi tabwino tomwe."

Idesi anamva chisoni chachikulu. Ndiye kuti alendo ake anafera pakhomo, tsiku lomwelo, iye akuti akuwalemekeza. Miyezi yonseyi ankalota mudzi wopanda munthu.

Anayenda m'mundamo osadziwa kumene akupita, ngala zouma zikumukanda miyendo. Atayandikira chulu, fungo linamupeza iye asanaone kanthu. Linali la pakhonde la ku Mitundu.

Kuseri kwa chulu, pamalo osaposa mphasa ziwiri, mpunga unali wobiriwira, ngala zitawerama. Mavuto anali chikhalire pambali akuingitsa mpheta, osamuyang'ana n'komwe mkazi wake.

Idesi anagwada, n'kugwira ngala imodzi m'manja. Inali yolemera.

"Chitini chija cha mkaka chikadalipo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Munati ndikataye," anayankha Mavuto. "Chili pansi pa bedi."