Vera Anakhala ku Azimayi

Alamu anga a Yotam anathamangitsa mlendo pa maliro a amuna anga, pakhomo panga ku Springfield, ku America, ine ndili pansi ndikulira. Dzina lawo ndalilemba dala. Akwiye.

Amuna anga a Ludoviko anamwalira ndi mtima mu Malichi 2006. Anali dokotala wa maganizo. Ankayeza mmene mutu wa munthu ukugwirira ntchito, kukumbukira kwake, mantha ake. Ine ndinalekera sitandade sikisi, koma timatabwa tawo toyezera anthu, tofiira ndi toyera, ndimatidziwa, chifukwa ankakonda kuyeserera pa ine patebulo. Ndikalephera kutisanja ankati, "Mayi a Maziko, watopa ndi mutu, mwini wake ali bwinobwino." Sanandisekepo.

Ambiri obwera kwa iwo anali aja obadwa amuna koma eni ake akudziwa kuti ndi akazi, kapena obadwa akazi ali amuna. Kuchipatala sankawapatsa mankhwala osinthira thupi asanayezedwe kaye. Mayina awo sindinamvepo. Ndikafunsa, a Ludoviko ankangoti, "Tiyi akuzizira."

Maliro tinachita monga kwathu. Mipando tinatulutsa pabalaza, azimayi pansi pa kapeti pamodzi ndi ine, azibambo m'galaja. Tsiku lachiwiri masana ndinamva alamu pakhomo.

"Azibambo ali kugalaja."

"Ine nabwera kuli amayi," anatero mlendo, mawu ake a ku Lusaka.

"Iwe, ndimakudziwa ine. Si iwe unkayendetsa takisi ku Annandale? Diresi lakusandutsa? Choka!"

Nyimbo inaduka. Mayi Margaret a kutchalitchi anandigwira phewa, ati namfedwa saimirira. Ndinaimirira.

Ndinapeza mzimayi wamtali, mpango wakuda kumutu, akutsika kale masitepe, mbale ya mandasi ili m'manja.

"Mayi, taimani. Dzina ndani?"

"Vera."

"Alamu, musatichititse manyazi," anatero a Yotam motsitsa mawu. "A ku embase ali muno. Akafuna kulira akalire kugalaja."

"Kugalaja kuli amuna," ndinatero.

"Nanga uyu ndi chiyani?"

"Ameneyu ndi munthu wolira akulu anu. Mwini nyumba ino wagona kumochale, wotsala ndine. Fenderani uko."

Vera analibe chitenje, ndipo pa maliro mzimayi sakhala pansi wopanda chitenje. Ndinali nditavala ziwiri. Ndinamasula chapamwamba n'kumumanga m'chiuno ndi manja anga, alamu akuona. Titalowa, azimayi ena anakokera miyendo yawo kutali ngati pansi patayika madzi. Ndinamukhazika pambali panga.

Nyimbo itayambanso, Vera anandinong'oneza yekha, ine osafunsa. Anachita ngozi ya galimoto pa msewu waukulu wa Beltway, mutu n'kumenya chiwongolero. Kuchokera apo ankaiwala njira, ankaiwala mphika pamoto. Kuchipatala kumene anayamba kupita anamva za diresi n'kusiya kumvera zina zonse, ati ndi misala imodzi yomweyo. Wina ndiye anamutumiza kwa a Ludoviko.

"Ananiyeza m'mawa wonse, mayi. Tumatabwa, mawu yokumbukira, kujambula. Buku yawo yowerengera mamaki ili na mbali ya amuna na mbali ya akazi. Sananibise. Ananionetsa zonse ziwiri, ati tione pamodzi. Pothera anati kuiwala kwachokera ku ngozi, tizathandizana. Ukazi wanu si matenda, palibe chochiza apo."

Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje changa, kenako n'kuchita manyazi. Ndinati pukutani, chinachapidwa kuti chigwire ntchito.

"Siku yoyamba," anapitiriza, "pa fayelo panali dzina yakale, ya chimuna. Anaiona. Anaitembenuza fayelo chafufumimba pa tebulo, n'kunifunsa m'chinenero chathu: Ndikuitaneni ndani?"

Apo ndiye ndinalira kulira kwenikweni. Zaka zonse zija ndinkaona mafayelo ali chafufumimba pa desiki yawo, ine n'kumawatembenuza popukuta fumbi, n'kumati bambo awa ndi osalongosoka.

Vera anachezera nafe mpaka tsiku loperekeza thupi ku eyapoti. Ndiye anatsuka mapoto ambiri kuposa onse aja anakoka miyendo.

A Yotam anaimba foni kumudzi kuti ndinalowetsa mwamuna pakati pa azimayi, ndaipitsa maliro a akulu awo. Kutchalitchi ena mpaka lero amandipatsa moni wa m'mphuno. Ati ndikapepese. Sindipepesa.

Inu mukuwerenganu, ena mwa inu munalipo, mandasi aja munadya. Munthu amene a Ludoviko anamufunsa dzina, n'kumuitana nalo mpaka imfa yawo, ine mkazi wawo ndikanamukhazika kuti? Musayang'ane kumbali. Ndiyankheni.