Bulugamu wa Kerryn

Chaka chimene ankadzika makina opanga magetsi ndi mphepo kumapiri kuja, mapiko ake ankadutsa pakhomo pa sitolo yanga ya mapayi, timikate tokhala ndi nyama m'kati. Phiko limodzi kutalika kwake kuyambira pakhonde langa mpaka kutchalitchi. Thiraki yolinyamula kuchokera kudoko inkayenera kukhota pakona yathu, ndipo pakona pomwepo panali bulugamu wa a Merv Pfitzner.

A Merv ndi mlimi wa nkhosa. Mtengowo anaubzala mwana wawo Kerryn atafera pamalopo pangozi ya galimoto, ali mtsikana wa kusekondale. Akazi awo sanakhalitse, anatsatira. Mkuluyo anangotsala ndi nkhosa ndi bulugamu uja basi.

Akampani anati mtengo udulidwe. Ati thiraki ikachedwa, chimakina chokwezera mapiko chimangokhala kuphiri, ndipo mphepo ikadzuka masana palibe chokweza. Zinali zoona, koma ine zinandinyansa, ndipo bwana wawo tiyi ndinkamupatsa wozizira dala.

Amene anabwera ndi nzeru anali Malakai, dalaivala wa thirakiyo, wa ku Tonga, chimunthu choseka ndi thupi lonse. Anawapeza a Merv atakhala m'sitolo mwanga maso ali psuu.

"Madala, mwatani kodi? Mtengo wanuwo sudulidwa, ine ndilipo."

"Iwe, chinyama chimenechi ukachikhotetsera pati? Galimoto yako yomwe umaimika mopingasa ngati woledzera."

"Aaa, madala, kunyoza! Angondithirira miyala m'mbali mwa msewumu mpaka patsinde. Matayala akumbuyo adzadutsa pansi pa nthambi, phiko lidzapita cha uko. Ndikalephera mudzandimete ndi lumo la nkhosa."

Bwana anavomera msanga, poti kuthira miyala kunali kwachangu kuposa kudikira chilolezo cha khonsolo chodulira mtengo. Anathira, chimakina chotsendera chinayenda uku ndi uku mpaka pansi panalimba gwa.

Tsiku loyamba tauni yonse inatuluka. Malakai ankayenda pang'onopang'ono, mnzake ali pansi kuwongolera matayala akumbuyo, a Merv chipewa kumanja, khosi lili m'mwamba. Phiko linadutsa. Nthambi sizinagwedezeke n'komwe. Ine ndinalira, sindibisa, ndipo tsiku limenelo Malakai anadya ulere.

Zinapitirira choncho nyengo yonse yozizira: mapiko, zidutswa za nsanja, zimakina zolemera. Ntchito inatha nthawi yake isanakwane, akampani anadzitama, mathiraki anapita.

Kutayamba kutentha, masamba a kunsonga anafiira. Tinati ndi dzuwa. Kenako khungwa linayamba kung'ambika. A Merv anabwera ndi zigubu za madzi, koma madziwo ankangoyenderera pamwamba pa miyala n'kukagwera m'ngalande. Wodziwa za mitengo atabwera anaponda pansi ndi chidendene, n'kupukusa mutu. Anati mizu inaphwanyika kalekale, ndipo yotsalayo inasowa mpweya.

Malakai anatulukira pambuyo pa Khirisimasi, akupita kuntchito ina kumpoto. Analowa akufuula, "Mayi, mapayi anga alipo?" Ine ndinangoloza pawindo. Kuseka konse kunathera pomwepo.

Panja a Merv anali ndi piki, akulimbana ndi miyala ija padzuwa. Mtengo unali utauma wonse. Malakai anatuluka, ine ndinamutsatira ndi botolo la madzi.

"Bambo," anatero. "Nzeru ija inali yanga. Mundikhululukire."

A Merv anatsamira piki, akupuma movutika.

"Ukhululukidwe chiyani, mwana wanga? Ine ndinkaima pomwepa m'mawa uliwonse kuwerenga nthambi. Mukumuponda, ine ndikuthokoza." Anayang'ana kunsonga kwa mtengo. "Akanangoudula bwenzi utafa kamodzi. Uku ndiye ndamuonerera akupita pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Poyamba paja, tsiku la ngozi lija, sindinalipo, ndinali kudibi kusambitsa nkhosa. Ulendo uno ndaona zonse."

Malakai anavula malaya ake owala a kuntchito, anawalanda piki. Onse awiri ankadziwa kuti palibe chopulumutsa, inenso ndinkadziwa. Anakumbabe, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, mpaka anafika pa muzu woyamba. A Merv anagwada, anaugwira kuti auchotse dothi, ndipo unathetheka m'manja mwawo.