Nkhata ya Fridah pa Manda a Ezron

Nkhani iyi anandiuza ndi a Sanford, amene amatenga mkaka panjinga ku Palabana, tsiku lina titabisala mvula pakhonde la sitolo ku Chongwe. Ndayenda malo ambiri ndipo ndamva zambiri, koma iyi inandikwiyitsa ngati malirowo anali akwathu.

Anyamata anali atamaliza kukwirira manda a Ezron ku Kanakantapa, ndipo chotsala chinali kuika maluwa. Mwambo wake ngodziwika. Woyendetsa mwambo amaitana mkazi wa malemu, kenako ana, kenako abale, mpingo pambuyo.

Ezron sanakwatire ndipo sanabereke. Mlongo wake atadwala matenda aatali, mwamuna wa mlongoyo, Rodgers, anapita ku Lusaka ati kukafuna ntchito, osabwereranso. Ezron anasiya thirakitala imene ankayendetsa papulazi nakakhala m'nyumba ya wodwalayo. Ankamutembenuza, kumumwetsa phala ndi supuni, kuchapa zitenje zoipitsidwa pachitsime amuna anzake akumuseka. Mlongoyo atamwalira, ana ake awiri, Fridah ndi Kondani, anakulira m'manja mwa malume awowo.

A Mervin, mkulu wa mpingo, anatsokomola mu maikolofoni.

"Malemu analibe mkazi, analibenso ana. Apo tidumpha. Abale, bwerani."

"A Mervin, imani!" Fridah anali ataimirira kale, nkhata ya maluwa oyera ili pachifuwa. "Mwadumpha chani?"

"Ana, mayi. Malemu sanasiye mwana."

"Manje ine nine ndani? Ninamera chabe monga bowa?"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Pamipando ya kutsogolo pananyamuka mwamuna wa suti yakuda. Anali Rodgers, amene anatulukira dzulo lake pagalimoto, patapita zaka zambirimbiri. Anamugwira Fridah pamkono.

"Iwe, khala pansi. Ndiwe mwana wanga, ine nikali moyo. Ukaika maluwa pamalo a ana, ndiye kuti waniika m'manda ine. Ufuna nife?"

Amayi ena achikulire anagwedeza mitu kuvomereza. Nawo ankadziwa choncho, kuti mwana salira ngati wamasiye bambo ake akupuma.

"Nisiyeni, ba Rodgers."

"Waniitana kuti chani?"

"Ba Rodgers. Si ndiye dzina lanu? Lina sinilidziwa." Mawu a Fridah ankamveka mpaka kumbuyo kumene kunaima anyamata a mafosholo. "Pamene amayi anali kudziipitsira pamphasa, munali kuti? Tsitsi langa analuka ndani? Amalume! Mizere yokhotakhota, kusukulu anzanga kuniseka, koma analuka na manja awo. Pamene ninakula chinamwali, amene anapalasa njinga kukapempha azimayi a mpingo kuti anilangize ni ndani? Lero muwafotsere monga munthu amene sanasiye kanthu?"

"Analibe chochita uja," anatero Rodgers. "Mwamuna wabwanji wochapa zitenje? Anali kulera ana a eni ake chifukwa iye kubereka kunamukanga."

Ngakhale amayi ovomereza aja anayang'ana kumbali.

"Mwanyoza maliro, bambo," anatero a Mervin, ataiwala kuti maikolofoni ili pakamwa.

Rodgers analoza Fridah ndi chala.

"Mvera bwino. Ukaponda pamanda apo, ine na iwe basi. Pakhomo panga usakafike. Nikafa usakabwere kunilira."

Fridah anatembenukira kwa mlongo wake.

"Kondani, tiye."

Kondani anali atangoyamba ntchito ku Lusaka, ntchito imene anamupezera ndi Rodgers yemweyo, ndipo ankagona kunyumba kwake. Anayang'ana nsapato zake.

"Asisi, tizaika na abale. Ni chimodzimodzi."

"Chimodzimodzi? Iwe amene unali kukodzera amalume pamsana?"

Kondani sanadzutse mutu. Fridah anamudikira pang'ono, kenako anavula nsapato nayenda yekha padothi lofiira lija. Atafika anagwada, naika nkhata pakati penipeni pa mtumbira, pamene palibe wina anali ataikapo kanthu. Sanalire mokweza. Anangosalaza dothi ndi chikhatho.

A Mervin anayang'ana Rodgers, nayang'ananso mayi wogwada uja.

"Mwana wa malemu waika," anatero. "Tsopano abale."

Rodgers sanadikire chakudya cha pamaliro. Analiza galimoto, Kondani ali pampando wa kumbuyo. Fridah anatsala m'nyumba ya Ezron, ndipo mpaka lero ndiye amalima munda wake.

A Sanford anapitiriza kunena kuti chaka chisanathe Rodgers anafa ziwalo mbali imodzi, kuti panalibe womusambitsa, ndipo anatuma Kondani kukapempha Fridah. Apa ndiye ndikukayika. Za pamanda ndikukhulupirira, chifukwa nditafunsa amayi ena ogulitsa tomato pamsika wa Chongwe anandiuza zomwezo. Koma za kudwala kwa Rodgers palibe wina anazimvapo. Ndikuganiza kuti a Sanford anawonjezera okha, chifukwa mtima unkawapweteka kuti munthu wotere angokwera galimoto n'kumapita ali bwinobwino. Ine ndikuona kuti anapitadi ali bwinobwino.