Galimoto Idadya Mayunitsi

Sabina ankatulutsa nsomba m'filiji imodziimodzi n'kumaziponya m'beseni pabwalo. Nsomba zonse za batala zidali zitawolowa, madzi ofiirira akuyenderera mpaka pakhomo, ndipo ntchentche zidali zitamva kale.

"Ama!" adaitana. "Tabwerani mudzaone."

Anyamanda adatuluka m'nyumba yaikulu akupukuta manja pachitenje. Dzina lawo lidali Gertrude, koma ku Chintheche aliyense ankawatchula ndi chiwongo. Ankagulitsa mpunga wa ku Limphasa m'misika ya Kande ndi Mpamba. Sabina ndi mwamuna wake Bonface, makolo a Precious, anthu a ku Mulanje, ankachita lendi m'kanyumba ka kuseri, ndipo nyumba ziwirizi zinkagwiritsa ntchito mita imodzi.

"Mayo ine! Magetsiwa chizimireni Lachisanu," adatero Anyamanda ataona nsombazo. "Anthu amenewa atipha."

"Anthu ake ati, Ama? Kugolosale uko akuyaka. Kuchigayo akugaya. Kwathu kuno ndiye mayunitsi atha."

Anyamanda adathamangira pa mita. Timanambala take tinkawavuta kuwerenga, n'chifukwa chake wogula ndi kulowetsa mayunitsi nthawi zonse adali Sabina. Koma ziro adamuona bwinobwino. Kenaka maso awo adatsata chingwe chakuda chomwe chidatulukira pawindo la kuchipinda, kudutsa pakhonde, mpaka kukalowa pamphuno pa galimoto yoyera yomwe idaima pansi pa mtengo wa mango.

Galimotoyo idali itangotha milungu itatu pakhomopo. Adawagulira ndi mwana wawo Khumbo, yemwe ankagwira ntchito ku Joni. Amuna awo, a Goodson, adachita sitiroko chaka chapitacho, ndipo Lachinayi lililonse ankafunika kuchipatala ku boma kuti akawongoledwe mwendo ndi dzanja. Mafuta atasowa, Anyamanda adakhalapo pamzere masiku atatu ndi kapikapu kawo kakale, bambowo n'kujomba kuchipatala kawiri kotsatizana. Khumbo atamva adapsa mtima, ndipo adaitanitsa galimoto yogwirapo kale ntchito, yoyendera magetsi okhaokha. Tsiku lomwe idafika anthu adaizungulira kufunafuna potulukira utsi.

"Ndinasiya mayunitsi a milungu iwiri," adatero Sabina osakweza mawu. "Ndimati tikakhale ku msonkhano wa mpingo mtima uli m'malo. Nsombazi ndinagula kwa asodzi a ku Usisya, mawa zimapita ku Mzuzu. Geni yanga yonse ndi imene mukuiona m'besenimu."

"Galimotoyi ndinaitchaja Lachisanu madzulo. Atazima ndinangoti ndi zamasiku onse. Ndikubwezerani, amake Precious."

"Si za kubweza ayi, Ama. Ndikati ndisite, swichi yagwa. Ndikati ndiwiritse madzi, yagwanso. Lero ndi izi." Sabina adatsanulira madzi onunkhawo pa dothi. "Bambo a Precious akuti ku esiteti ya labala komwe amagwira ntchito kwatsala nyumba imodzi. Mwezi ukatha tisamukira komweko."

Pakhonde, a Goodson adagogoda ndodo yawo pansi katatu. Pakamwa padali patakhota ndipo mawu ankawavuta, koma makutu adali abwinobwino. Anyamanda akakhala kumsika, wowadyetsa masana, wowatembenuza ndi wowatulutsa padzuwa adali Sabina. Chaka chonse sadapemphepo kalikonse, ndipo Anyamanda atafuna kumutsitsira lendi adakana.

M'mawa mwake Anyamanda adaitana Kenneth, mmisiri wa zamagetsi wa pa sitolo. Adafika ndi chikwama cha zida, n'kugwira soketi ya kuchipinda, n'kuimba likhweru.

"Mwayuka uli, Ama? Koma mwadzukadi mwamwayi. Soketiyi yapsa m'kati. Tiwaya iti anatiikira wailesi, inu mukuyamwitsirapo njovu."

"Ndiye nditani, mwana wanga?"

"Njira ndi imodzi. Kapempheni magetsi amphamvu aja a mawaya atatu, thiri fezi, ngati a kuchigayo. Galimoto izikhuta msanga. Koma mukakafika kumeneko musakatchule za mpunga. Akangomva kuti imanyamula katundu wamalonda, akuikani pa mtengo wa bizinesi, mudzalira."

"Ndikaname, ine mayi wa Umanyano kumpingo?"

"Kunama ayi, Ama. Kungoiwala pang'ono."

Masana Khumbo adaimba foni, ndipo naye adagwirizana ndi Kenneth. "Tengani zazikuluzo, Ama. Nditumiza ndalama. Sindinagule galimoto kuti muzivutikanso." Anyamanda adangoti amva. Za Sabina sadamuuze.

Lachinayi lidafika. Monga mwa masiku onse, Sabina adabwera m'mamawa, n'kugwira a Goodson m'khwapa, mothandizana ndi Anyamanda n'kuwakweza kumpando wakutsogolo. Iye adakhala kumbuyo. Kapikapu kakale kaja kankasokosera moti munthu ankatha kukhala chete osaoneka kuti wakwiya. Galimoto iyi idalibe phokoso. Adadutsa m'nkhalango ya mitengo ya labala, momwe Bonface ankatema makungwa chiyambire mbandakucha, ndipo chomwe chinkamveka ndi matayala okha ndi kupuma kwa a Goodson.

Atatuluka kuchipatala adaima pa ofesi ya zamagetsi. Anyamanda adalowa okha, n'kudikira pabenchi mpaka adawaitanira patebulo la bambo wina wadazi, wovala magalasi. Adati dzina lake ndi Stanley Kachingwe, kwawo ndi ku Dedza, ndipo Chitonga adali asadachigwirebe.

"Ndabwera kudzapempha thiri fezi," adatero Anyamanda.

"Mwagula chigayo, mayi?"

"Galimoto."

A Kachingwe adavula magalasi. "Yamagetsi? Ili panja pano?"

Asadayankhidwe adali ataimirira kale. Adatuluka, anzawo awiri a mu ofesimo akuwatsata. Adapereka moni kwa a Goodson ndi kwa Sabina, adaizungulira galimotoyo, kenaka adapempha kuona chingwe chotchajira. Adawerenga zolembedwa pakabokosi kake nthawi yaitali ndithu, akusuntha milomo.

"Mayi, fomu ndikupatsani ngati mukuifuna. Koma ndifunseko kaye. Patsiku mumayenda mtunda wotani?"

"Lachinayi kuno ku boma. Masiku a msika, Kande kapena Mpamba. Basi."

"Mumafika kunyumba nthawi yanji?"

"Dzuwa lisanalowe. Bambowa amafunika kusamba."

"Ndiye galimoto imangokhala mpaka m'mawa?"

"Ipite kuti?"

"Nanga mukuithamangitsiranji kudya?" adaseka a Kachingwe. "Chingwe chanuchi chimakoka pang'onopang'ono. Ngakhale titakukokerani mawaya atatu, chizikoka chimodzimodzi, pokhapokha mutagulanso chotchajira china chodula. Ndipo yunitsi iliyonse muziigula mokwera kuposa pano, ya galimoto, ya babu, ya wailesi, zonse."

Adatsamira pa boneti n'kuwafotokozera bwino. Mitengo imene ikadawakhudza idali itatu. Woyamba udali wa pakhomo, umene adali nawo kale. Wachiwiri udali wa mawaya atatu, wofuna kulipira zokokera komanso kudikira. Wachitatu udali wa bizinesi, wokwera kuposa wa pakhomo. Anyamanda atamva mawu oti bizinesi adaulula okha.

"Bambo, ndisakubisireni. Galimotoyi imanyamula mpunga. Matumba anayi, nthawi zina asanu. Ndimagulitsa."

"Mumatchajirapo magalimoto a anthu ena n'kumawalipiritsa?"

"Ayi."

"Pakhomo panu pali sitolo?"

"Palibe."

"Ndiye ndi galimoto yanu, yogona pakhomo panu. Ine sindikuona chifukwa chokusunthirani. Koma mwachita bwino kunena." Adabwezera chingwe chija m'galimoto. "Chimene sindikumvetsa n'chakuti munthu woyenda pang'ono chonchi wafika bwanji pofuna thiri fezi. Chavuta n'chiyani kwenikweni?"

Anyamanda adayang'ana kumpando wakumbuyo. Sabina adali akupukuta a Goodson pakamwa ndi kansalu, ngati sakumva. Ndipo Anyamanda adafotokoza zonse: za swichi yogwaigwa, za soketi yakupsa, za masiku awiri aja, za nsomba. Adatchulanso nkhani yosamuka ija.

A Kachingwe adawerama pawindo. "Amayi, inu ndiye a kanyumba ka kuseriko?"

"Ndine," adatero Sabina.

"Pepani kwambiri ndi nsombazo. Mayi anga amagulitsa tomato, ndikudziwa mmene zimawawira." Adatembenukira kwa Anyamanda. "Vuto lanu si mphamvu ya magetsi ayi. Mabanja awiri ndi galimoto mukudyera m'mbale imodzi, ndipo galimoto ilibe manyazi. Awa akhale ndi mita yawoyawo. Mayunitsi oyambirira a mwezi pa mtengo wa pakhomo amakhala otsikirapo, ndiye aliyense azipeza ake m'malo mogawana. Inu khalani pomwe mulipo. Mmisiri wanu akukokereni waya wonenepa kuchokera pa bokosi mpaka pomwe galimoto imagona, wokhala ndi swichi yakeyake. Pawindo paja musadutsitsenso chingwe, mudzawotcha nyumba muli wodwala m'kati."

"Mita yatsopanoyo ibwera liti?" adafunsa Sabina. Kadali koyamba kufunsa kanthu chinyamukire m'mawa.

"Ndisakunamizeni kuti mawa. Milungu ingapo, mwina kupitirira. Ndikupatsani nambala yanga, muzindivutitsa. Podikirapo, mayi, lamulo ndi limodzi: musanaipatse chakudya galimotoyi, iguleni kaye mayunitsi ake. Ndikulemberani kuchuluka kwake ikakhala ndi njala kwambiri."

Adabwerera mu ofesi. A Kachingwe adadzaza okha fomu ya mita yachiwiri, akuwerenga mzere uliwonse mokweza kuti Anyamanda amve zomwe akusayinira. Kenaka adatenga pepala lina n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu, zoti munthu angaziwerenge popanda magalasi. Pamzere padali anthu ena akung'ung'udza, koma iwo sadapupulume.

Anyamanda adamasula kansalu kawo n'kukankhira kenakake pansi pa fomuyo. "Mugule fanta, bambo."

A Kachingwe adakabweza ndi chala chimodzi. "Mundilipire pondiuza mmene ikuyendera. Inenso mizere ya mafuta yanditopetsa."

"Yewo ukongwa," adathokoza Anyamanda m'Chitonga, n'kugwada pang'ono ngakhale bambowo adali wamng'ono kwa iwo. "Ndinabwera kudzagula chinthu chachikulu chosandithandiza, ndipo mukanangondipatsa."

Ali pakhomo pa ofesiyo adamuimbira Khumbo.

"Zamawaya atatu zija ndazikana."

"Ama! Chifukwa chiyani? Ndalama ndakonza kale."

"Tumiza zomwezo. Zikagwira ntchito zitatu: waya wa galimoto, mita ya amake Precious, ndi nsomba zawo zimene ndinawawonongera."

"Nsomba zanji?"

Adamuuza zonse, kuphatikizapo zomwe sadamuuzepo chaka chonse: yemwe amadyetsa bambo ake masana, yemwe amawachapira zofunda akadziipitsira, yemwe amawanyamula Lachinayi lililonse.

"Ine ndimayesa mumakwanitsa nokha," adatero Khumbo pamapeto pake. "Bwanji simunandiuze?"

"Iwe umafunsa za galimoto."

"Apatseni foni, chonde."

Anyamanda adapereka foniyo pawindo n'kupita kukaima chapatali. Sadamve zomwe Khumbo ankanena. Adangoona Sabina akugwedeza mutu, akuti "ayi, achimwene, si kanthu," kenaka n'kuphimba maso ndi dzanja.

Pobwerera adaima ku Limphasa kuti akweze mpunga. Matumba awiri adalowa kumbuyo, lachitatu pampando pafupi ndi Sabina. Atayambanso ulendo, Anyamanda adalankhula maso ali pamsewu.

"Amake Precious, mita ija ibwera ndithu, kaya mukhala kaya musamuka. Sindinachite kuti ndikumangeni miyendo. Mukapita ku esiteti sindikudandaulani. Koma ndimafuna mudziwe kuti ndimaona. Zonse zimene mumawachitira bambowa ndimaziona, kungoti pakamwa panga m'polemera."

Sabina ankatola timbewu ta mpunga tomwe tidatayikira pampando n'kumatisonkhanitsa m'dzanja.

"Bambo anga anadwala matenda omwewa," adatero. "Ine ndinali kuno. Ndinakafika ku Mulanje ataikidwa kale." Adafumbata timbewu tija. "Bambo a Precious amati akaweruka lero akasayinira nyumba ija kwa akapitawo."

"Amaweruka nthawi yanji?"

"Nthawi ngati ino."

"Nanga foni yanu?"

"Ilibe mayunitsi."

Anyamanda adatenga yawo pachifuwa n'kuipereka kumbuyo osacheuka. Foni idaitana kanayi. Kachisanu Bonface adayankha, ndipo mawu ake ankamveka m'galimoto monse.

"Halo, Ama?"

"Ndine," adatero Sabina. "Muli kuti?"

"Pamzere, pa ofesi ya akapitawo. Kwatsala anthu awiri."

"Chokanipo pamenepo. Apatseni ena nyumbayo."

"Iwe, si iwe womwe umalira dzana kuti tichoke?"

"Ndinali ine. Bwerani kunyumba, ndikakuuzani. Mugule tomato panjira."

Misozi idalengeza m'maso mwa Anyamanda. Msewu udayamba kuoneka mwachimbuuzi, ndipo adachepetsa liwiro, n'kuchepetsanso, mpaka mlimi wina wa pa njinga, atasenza matumba awiri kumbuyo, adawapitirira akuliza belu.