Timipira ta Labala

A Killion Longwe, mkulu wa mpingo wa ku Bandawe, anatembenuza envulopu ija kachitatu. Guluu wake anali wachikasu, wopakidwa mokhuthala ngati phala. Wina anali ataitsegula n'kuimatanso isanafike ku Chintheche.

Kalatayo inali yobwera kwa mwana wawo Regina. Iye anabwerera kumudzi mu 1989, ntchito yake yophunzitsa Kummwera itatha popanda womuuza chifukwa. Anali ndi digiri ya udokotala wa kemisitiri, koma tsopano ankaviika chinangwa ndi amayi ake. Yunivesite ina ya ku Ulaya inkamuitana kukachita kafukufuku zaka ziwiri, ndipo inatumizanso masamba khumi a manambala okhaokha oti ayambe kuwaphunzira.

"Ada, si zachinsinsi ayi," anatero Regina. "Kachirombo ka malungo kali ndi puloteni imene kamadalira kuti kakhale moyo. Manambalawa akusonyeza pamene pali atomu iliyonse. Ku yunivesiteko kuli kompyuta yondithandiza kuwerengera mankhwala amene angalowe m'mphako ya puloteniyo n'kuitseka."

"Ine ndamva, mwanangu. Nanga womata guluuyu wamva?"

Masiku amenewo anthu ankatengedwa pa zinthu zazing'ono kuposa izi, ndipo pasipoti sinkatuluka kwa munthu amene dzina lake lalembedwa ku boma.

Sabata yomweyo kutchalitchi kunabwera mlendo, Jairos, wa ku Mulanje, wocheka mitengo ya labala ku esiteti. Ankadutsa matchalitchi awiri apafupi ndi kwawo kudzapemphera ku Bandawe. Posakhalitsa anayamba kufika pakhomo atanyamula labala wouma. Regina ankaumba naye timipira, n'kutilumikiza ndi masipoko a njinga kuti aone maonekedwe a mphako ija.

"Achemwali, chimenechi sichigwira wailesi ya kunja?" anafunsa Jairos tsiku lina akuseka. Koma maso ake anali pa mapepala aja, ndipo m'thumba la malaya munali cholembera. A Killion anali asanaonepo wocheka labala woyenda ndi cholembera.

Loweruka m'mawa a Killion anatenga mapepalawo mobisa n'kupita nawo kumunda kumene ankatentha zinyalala. Anaima pamoto nthawi yaitali. Akawaponyamo, mwana wawo agona m'nyumba mwamtendere, koma adzakalambira padziwe loviikamo chinangwa. Akawasunga, galimoto yopanda nambala ingathe kuima pakhomo. Kenako anakumbukira kuti Ambuye anasambitsa mapazi a ophunzira onse, akudziwa bwino lomwe amene adzawapereke. Anabweza mapepalawo m'thumba akununkha utsi.

Mwambo wa pampingopo unali wakuti Mkhristu wopita kutali amalengezedwa, n'kupatsidwa kalata yokamuchitira umboni kumene akupita. Lamulungu, nthawi ya zolengeza, a Killion anaitana Regina kutsogolo ndi timipira take. Iye anafotokoza zonse m'Chitonga.

"Ubwereze m'Chichewa," anatero bambo ake mokweza, "kuti alendo athu amve bwino, asaphonye liwu ndi limodzi lomwe."

Aliyense anayang'ana pansi, ndipo Regina anabwereza.

Masana Jairos anafika pakhomo. Anakana mpando, nakhala pansi pakhonde.

"Bambo mkulu, mwandivula pagulu."

"Ndakupatsa zimene umadzafuna. Tsopano ugulitsa chiyani, poti mpingo wonse ukudziwa?"

Jairos anatulutsa kabuku kopindikapindika. "Ondituma akufuna lipoti Lachisanu. Ndikati palibe kanthu, atumiza wina woposa ine. Ndikufuna ndilembe zimene achemwali anena zija, koma ine ndinalekera Sitandade 5. Mawu aja a pulo... pulo chiyani kaya, akundikanika. Andilembere."

Regina anatambasula dzanja, koma bambo ake anamugwira pamkono. Zolemba za mwana wawo zikapezeka m'buku limenelo, ndani angadziwe zimene ena angawonjezere m'munsi mwake?

"Dzanja lako lisakhudze bukulo. Iwe uzinena, iye azilemba."

Analemba mpaka masamba atatu, Regina akutchula chilembo chimodzichimodzi, Jairos lilime lili panja ngati mwana wa sukulu. Atatha, a Killion anamuuza kuti awerenge zonse mokweza, n'kudula mzere pansi pa liwu lomaliza.

"Mankhwala amenewa akanakhalapo dzinja lathali," anatero Jairos akutseka bukulo, "bwenzi kamwana kanga kakuyenda pano."

A Killion anamuyang'ana kumaso. Sanathe kudziwa ngati kamwanako kanalipodi kapena ndi mawu ophunzitsidwa. Komabe analowa m'nyumba, natenga beseni okha, n'kumuthirira madzi m'manja kuti adye nawo.

Masabata asanu ndi awiri anapita. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, mayi Longwe ankasiya chimene agwira. Kenako pasipoti inatuluka, popanda wofotokoza chilichonse, monga mmene ntchito ija inathera. Regina ananyamuka ndi kalata ya mpingo m'chikwama. Jairos sanaonekenso pabenchi lake, ndipo ku esiteti ena anati anasamutsidwa, ena anati sakumudziwa. M'pemphero la m'mawa a Killion ankatchula mayina onse awiri, lachiwirilo motsitsa mawu.

Kalata yoyamba ya Regina inafika mvula itayamba. A Killion anakhala nayo pakhonde, pafupi ndi timipira tija, timene tinali titada ndi kuuma. Anaitembenuza. Guluu anali yemwe uja, wachikasu, wokhuthala.

"Atsegulanso?" anafunsa mayi Longwe ali pakhomo.

"Atsegula," anayankha, akufunafuna magalasi awo. "Asiye awerenge. Nawonso ana awo amadwala malungo."